Bambo a chipewa aja

Matikiti anagula ndi achemwali anga. Anali awiri, imodzi yawo, ina ya alamu. Koma tsiku litayandikira alamu anayamba kudandaula msana, mawa lake mutu, mpaka anaulula poyera kuti zoimirira padzuwa maola asanu n'kumamvera anthu akukuwa iwo anazisiya kalekale. Ndi mmene tikiti yachiwiri inagwera m'manja mwanga, ndipo sindinachite kunyengereredwa. Linali phwando la nyimbo la pabwalo, la m'nyengo yotentha, aja amayamba masana dzuwa likuswa mtengo n'kudzatha usiku anthu mawu atasasa.

Tinafika atangotsegula pageti. Kapinga wa pabwalopo anali atapserera, moti munthu akaponda pankadzuka kafumbi. Achemwali ankafuna kutsogolo kwenikweni, pa zitsulo zotchingira nsanja, pamene woimba akapukusa mutu thukuta lake limakuwazira. Ine ndinakana. Ndili ndi malo anga amene ndimafuna pa phwando lililonse lotere. Pakati pa khamu, moyang'anizana ndi nsanja, pamakhala kachisakasa momwe mumakhala munthu wosakaniza mawu ndi makina ake a mabatani ambirimbiri. Zimene akumva iyeyo ndi zimene akukonza, ndiye ukaima pafupi naye nyimbo umaimva mmene inayenera kumvekera. Kutsogolo kwenikweni umangomva ng'oma ikukugunda pachifuwa. Kumbuyo kwambiri nakonso kuli vuto lake: mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi pamene kuwala kumafika pomwepo, ndiye umaona wa ng'oma atamenya kale, kulira kwake n'kubwera pambuyo ngati munthu wochedwa kumsonkhano.

"Iwe ndi alamu ako n'chimodzimodzi, nkhalamba zokhazokha," anatero achemwali, akundisiyira chikwama chawo. "Ukatopa ndi sayansi yakoyo undipeze kutsogolo."

Bambo aja anafika gulu lachiwiri litayamba kale kuimba. Sindinawaone akubwera. Ndinangomva chidendene cha nsapato chitatera pa chala changa chachikulu.

"Pepani kwambiri, achimwene."

"Palibe kanthu, bambo."

Anali aafupi kuposa ine, ovala chipewa chansalu chofwifwa ndi magalasi akuda. Ndevu zawo zinali za imvi, zosametedwa mwina masiku atatu. Thukuta linali litajambula mapu kumsana kwa malaya awo. M'khosi munali kachingwe, kumapeto kwake kuli timaphira tiwiri totsekera m'makutu, ndipo nyimbo ikafika pokwera ankatilowetsa, ikatsika n'kutichotsa. Ndinaganiza kuti ndi munthu amene anagwirapo ntchito pa malo aphokoso n'kuphunzira kusunga makutu ake. Kuposa pamenepo sindinawaganizirenso.

Ndi iwo anayambitsa macheza. Nyimbo ina ili mkati anandigunda pang'ono ndi chigongono, n'kuloza kumanzere kwa nsanja.

"Mukumumva wa besi uyo? Anzake onse akuthamanga, iye akuwagwira mchira."

Ndinatchera khutu, ndipo zinali zoona. Wa gitala ankathamanga ngati wasiya moto kunyumba, woimba n'kumamutsatira, koma mnyamata wa besi uja, atatsinzina, ankangoponda pamodzimodzi mpaka onse anabwerera kwa iye. Tinaseka. Kuchokera pamenepo tinakhala ngati anthu okwera galimoto imodzi paulendo wautali: nyimbo ikamalira tili chete, ikatha mawu awiri atatu. Anandifunsa ngati ndimaimba, ndinati ndinayesapo gitala zala n'kukana. Iwo anati anayesapo lipenga, anthu oyandikana nawo nyumba n'kukana. Anandiuza kuti magulu oyambirirawa akungowamvera podikira. Chimene abwerera ndi gulu lomaliza, ndiponso osati gulu lonse, koma nyimbo imodzi imene anaimva koyamba ali mnyamata ndipo sanaimvepo oimba ake ali pamaso.

"Akangoimba imeneyo, ine ndizipita," anatero. "Zotsalazo mutsale nazo achinyamata."

Ola lonse limenelo kanthu kena kankandiyabwa m'mutu. Mawu awo ndinali nditawamvapo. Kasekedwe kawo, kotulukira m'mphuno kaye kenako pakamwa, ndinkakadziwa. Ndinayamba kuwafufuza m'moyo wanga ngati mmene umafufuzira kiyi m'matumba: kuntchito ayi, kusukulu mwina, pa ukwati wa wachibale wina, kapena anali anzawo a malemu bambo anga amene ankabwera kunyumba ndili wamng'ono. Patapita nthawi ndinadzamva kuti vuto limeneli akatswiri a za maganizo analiona kalekale. Mu 1980, George Mandler anapereka chitsanzo cha munthu amene wakwera basi n'kuona nkhope imene akuidziwa bwinobwino koma osakumbukira kuti ndi ya ndani, mpaka pambuyo pake n'kuzindikira kuti ndi wogulitsa nyama amene amamuona kawirikawiri, kungoti lero sanavale zakuntchito ndipo sali pamalo ake. Kudziwa kuti nkhope ndi yozolowereka ndi ntchito ina, kukumbukira mwini wake ndi ntchito inanso, ndipo yoyambayo imafika msanga kusiya inzake m'mbuyo. Ine ndinali pakati pa ziwirizo, ndipo ndinalephera kuugwira mtima.

"Bambo, mundikhululukire. Kodi simunaphunzitsepo kusekondale?"

Anamwetulira osandiyang'ana. "Ayi. Koma ambiri amandifunsa choncho. Ena amati ndine dokotala wawo."

Yankho limenelo likanandidzutsa, koma ndinangoliseka.

Chisisira chitayamba kugwa, magetsi a pansanja anayamba kuoneka mphamvu yake, kamphepo kozizirira n'kudutsa pa khamu lonse, anthu n'kuusa moyo pamodzi. Bambo aja anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Kenako anakweza dzanja lamanja n'kudzisisita nsidze ndi msana wa chala chachikulu, kawiri, pang'onopang'ono, mutu atauweramitsira kumbali.

M'mimba mwanga munachita kuti myuu.

Kusisita nsidze kumeneko ndinali nditakuona nthawi zosawerengeka. Chaka chimene bambo anga ankadwala, anafika poti filimu yatsopano sankatha kuitsatira. Ankasokoneza anthu ake n'kukwiya. Ndiye tinkangoonera imodzimodzi, madzulo aliwonse amene ululu wawalola kukhala pampando. Mufilimuyo munali mwamuna wina wosadziwa kulankhula ndi mwana wake, ndipo nthawi iliyonse akafuna kunena chinthu cha mumtima n'kulephera, ankasisita nsidze choncho. Bambo anga ankati akafika pamenepo amaloza ndi mlomo n'kunena kuti, "Wayambapo." Munthu amene ankasisita nsidzeyo ndi amene anali ataima pambali panga, fumbi lili mbuu kunsapato, atandiponda chala ola lapitalo.

Dzina lawo sindilitchula pano, ndipo mukafika kumapeto mudziwa chifukwa chake. Ndingonena kuti mukanaliona lolembedwa, ambiri a inu mukanalidziwa.

Chimene chinachitika m'mutu mwanga nthawi imeneyo ndimachiganizirabe. Ola lonse lija anali "bambo awa". Ndinkati "anena", "aseka", "awaponda". Nditangowazindikira, ulemu wonse uja unagwa pansi ngati mbale. M'mutu munangomveka kuti, "Ndi ujeni uyu! Ndi iyeyu!" Anthu a m'mafilimu timawatchula maina awo osaikapo kanthu kutsogolo, ngati ana amene tinkasewera nawo pamchenga, ngakhale akhale a msinkhu wa agogo athu. Mlendo wosamudziwa ndinkamupatsa ulemu wa munthu wamkulu. Munthu wotchuka ndinamulanda ulemuwo m'sekondi imodzi, ndikuganiza kuti ndikumukweza.

Kuzindikira kwake kunali kwa thupi lonse, kosachita kuganiza. Pali kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2005, wa Rodrigo Quian Quiroga ndi anzake, amene anachitika pa odwala khunyu omwe madokotala anali atawaika timawaya mu ubongo pofufuza pamene matendawo akuyambira. Mwa wodwala wina anapeza selo imene inkagunda akamuonetsa zithunzi zosiyanasiyana za Jennifer Aniston, wosewera mafilimu wotchuka, koma n'kukhala chete akamuonetsa nkhope za anthu ena. Mwa wina anapeza selo imene inkadzuka ndi zithunzi za Halle Berry, wosewera mafilimu wina, ngakhalenso ndi dzina lake lokha lolembedwa. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa zikutanthauza kuti m'mutu mwanga muli kachipinda kamene bambo aja akhala akugonamo zaka zambiri osalipira lendi, iwo osadziwa n'komwe.

Ndipo nkhope imeneyo ndinkaidziwa kuposa nkhope za abale anga. Taganizani: ndani mwa anthu amene mumakhala nawo amene munamuyang'anitsitsapo kumaso mphindi yathunthu, osaphethira, iye akulira? Munthu suchita zimenezo, umayang'ana kumbali. Koma kamera ikayandikira nkhope ya wosewera filimu, imakupatsa ufulu umenewo, ndipo m'nyumba yoonetsera mafilimu nkhopeyo imakula kuposa chitseko. Umaona kunjenjemera kwa mlomo, kanyama ka pansi pa diso, msozi usanagwe. Bambo anga enieni sindinawaonepo choncho, ngakhale masiku awo omaliza. Mu 1956 akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za chibwenzi chotere, chimene woonera amapalana ndi munthu wa pa wailesi kapena pa kanema: iwe umamudziwa, umamukonda, umamukwiyira, pamene iye sadziwa kuti unabadwa. Wailesi yakanema inali idakali yachilendo nthawi imeneyo, koma matendawo anali atawaona kale.

Kuyambira pamenepo nyimbo sindinaimvenso. Gulu lachitatu linakwera, linaimba, linatsika, ine sindingakuuzeni ngakhale mtundu wa malaya awo. Maso anali kunsanja, koma mutu wonse unali kudzanja langa lamanja. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwadi. Ndinayamba kuima mwaulemu, kubweza mimba, kuganizira mmene ndikuombera m'manja. Atandigundanso ndi chigongono kuti ndimve wa kiyibodi, ndinayankha mawu opanda mutu, iwo n'kundiyang'ana kanthawi. Ndikukhulupirira kuti anadziwa. Munthu amene wakhala zaka makumi angapo akuona nkhope za anthu zikusintha pamaso pake sangalephere kuona yanga. Koma sananene kanthu. Anangobwezera magalasi kumaso, ngakhale kunja kunali kutada.

Ndinkafuna kuwauza za bambo anga. Ndinakonza mawu ake, ndinawasintha, ndinawafupikitsa. Ndinkati ndinene kuti, "Bambo, filimu yanu ija inatisunga chaka chovuta." Mawu abwinobwino, oona, osafuna kanthu kwa iwo. Mwina akanagwedeza mutu, kundigwira paphewa, n'kubwerera ku nyimbo. Koma pafupi ndi ganizo limenelo panamera lina, lonyansa pang'ono, lomwe linakula msanga ngati udzu wa m'dzinja: ndani adzandikhulupirire? Achemwali adzati ndapenga ndi dzuwa. Anzanga adzati ndinaona wofanana naye. Pakufunika umboni.

Ndinatulutsa foni ngati ndikufuna kuona nthawi. Ndinaikweza ngati ndikujambula nsanja, monga ankachitira anthu mazana ambiri pabwalopo. Kenako ndinaipendeketsa pang'onopang'ono kumanja, mtima ukugunda kuposa ng'oma, n'kudina.

Fulashi inang'anima.

Masana onse sinayake chifukwa kunali kowala, ndiye ndinaiwala kuti foniyo imadziyatsira yokha kukada. Kuwala koyera kunamenya mbali ya nkhope yawo pa mtunda wosakwana mkono. Anatembenuka. Sanakwiye, ndipo ndikanakonda akanakwiya. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mvula imene yayamba utangoyanika zovala.

"Yatuluka bwino?" anafunsa.

"Pepani, bambo. Ine ndimafuna…"

"Palibe kanthu, achimwene."

Anali mawu omwe aja tinapatsana pa nkhani ya chala, kungoti tsopano tinali titasinthana malo.

Fulashi pakati pa anthu ili ngati kulira kwa mluzu. Mtsikana wina amene anali kutsogolo kwathu anacheuka kuti aone chikujambulidwa n'chiyani, anayang'ana, anayang'ananso, n'kugwira mnzake pamkono. Mnzakeyo anakuwa dzina lija, lopanda "bambo", lopanda "a". Mphindi zisanu zisanathe tinali titazingidwa. Mafoni anali m'mwamba ngati mikono ya ana a sukulu odziwa yankho. Ena ankawakolowekera mkono m'khosi osapempha, n'kutembenukira ku foni yawo, kumwetulira, kudina, kuchoka osawayang'ana n'kumaso komwe. Mnyamata wina ankawakakamiza kuti anene mawu ena otchuka a mufilimu ina, akubwereza yekha mokuwa kuti awakumbutse. Mayi wina ankalira. Munthu wosakaniza mawu uja anasuzumira m'kachisakasa kake n'kuitana alonda.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti bambo aja anasintha pamaso panga. Msana unawongoka, chibwano chinakwera, kumwetulira kwina kunabwera, kowala, kofanana pa chithunzi chilichonse. Anayamba kuoneka ngati munthu wa pa kanema uja, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti ola lonse lija sankaoneka choncho. Anali atalowa ntchito. Ndine ndinawalowetsa, tsiku lawo lopuma.

Kale ndinkadzitenga ngati munthu wosiyana ndi ojambula aja amabisala m'maluwa kudikira anthu otchuka, amene dzina lawo loti paparazzi linachokera kwa wojambula wina wotchedwa Paparazzo mufilimu ya Federico Fellini ya 1960. Ndinkati amenewo ndi anthu opanda manyazi. Koma iwo amachita zimenezo kuti apeze malipiro. Ine ndinachita ulere. Ndinkamvanso za Greta Garbo, amene anasiya mafilimu mu 1941 ali ndi zaka 36, pambuyo pake n'kudzakhazikika ku New York mpaka imfa yake mu 1990 akuyenda m'misewu atabisala m'magalasi akuda ndi zipewa, ndipo ndinkati kumeneko ndi kunyada. Usiku umenewo ndinasiya kutero.

N'zoona kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo anzanga amene ndinawafotokozera sanachedwe kundikumbutsa. Amati munthu wotchuka amadya kutchuka kwakeko, ndiye asadandaule anthu akamuzinga. Pali choona pamenepo. Mafilimu atangoyamba, makampani ambiri sankalemba n'komwe maina a osewera. Florence Lawrence anthu ankangomudziwa ndi dzina la kampani imene ankagwirako ntchito, Biograph. Mu 1910, atapita ku kampani ya Carl Laemmle, kunafala mphekesera yoti wafa pangozi, kenako kampaniyo n'kulengeza kuti ali moyo, n'kupita naye ku mzinda wa St. Louis komwe chinamtindi cha anthu chinakhamukira kudzamuona. Kuyambira pachiyambi, kuzingidwa ndi khamu inali mbali ya malonda. Koma mayi yemweyo anafa mu 1938 ataiwalika, ndipo manda ake anakhala opanda mwala wa dzina mpaka 1991. Komanso anzangawo sanaime pamene ndinaima ine. Bambo aja sanabwere kudzagulitsa kanthu. Anabwera ndi timaphira ta m'makutu kudzadikira nyimbo imodzi.

Alonda awiri anafika n'kutsegula njira. Bambo aja anakweza dzanja kutsanzika gulu lija, akumwetulirabe kumwetulira kwa ntchito kuja. Podutsa pamene ndinaima anandigwira pamkono pang'ono, osaima.

"Mukamumvere wa besi," anatero.

Ndinaona chipewa chija chikuyandama pamwamba pa mitu ya anthu, chikulowera kugeti ya m'mbali, mpaka mdima unachimeza. Anthu anabalalika, aliyense ataweramira foni yake. Pamene anaima paja panatsala kapinga wopondekapondeka.

Gulu lomaliza linakwera patapita mphindi makumi awiri. Nyimbo ija anaiimba yachinayi. Ndinaidziwa atangoyamba, chifukwa bambo aja anali atanding'ung'udzira kachiyambi kake masana. Ndi nyimbo yodekha, yoyamba ndi gitala yekha, besi n'kulowa mochedwa ngati munthu wogogoda pakhomo usiku. Bwalo lonse linaimba nawo. Ndinayesa kuwerengera ngati phokoso lake lingafike kumene kumaimikidwa magalimoto, ngati mwina anali asananyamuke, atatsitsa galasi. Mphepo inkawomba cholowera kwina.

Achemwali anandipeza phwando litatha, nsapato zili m'manja, mawu atatheratu. Ndinawafotokozera zonse tikuyenda m'chigulu chotuluka, kupatula za fulashi, zimene ndinadzawauza patapita miyezi. Sanakhulupirire, monga ndinkayembekezera. Ndiye ndinatulutsa foni, kwa nthawi yoyamba chijambulireni, tonse n'kuweramira pa galasi lake.

Dzanja langa linali litanjenjemera. Theka la chithunzicho ndi kuwala koyera. Theka linalo muli khutu, kachingwe ka m'khosi, ndi mlomo wa chipewa chofwifwa. Achemwali anachikulitsa ndi zala, anachipendeketsa, anachiyandikitsa kumaso, n'kundibwezera foni.

"Khutu limeneli," anatero ndi mawu awo osasawo, "likufanana ndi la amalume."